Ndapeza 48 pa essay ya Film Studies, ati ndangofotokoza nthano. Ndalakwa pati?

Mtsikana wa ku Bembeke:
Akuluakulu, ndithandizeni mtima usanandiphulike. Ndili pa holide kuno kumudzi, ndiye dzulo zotsatira za asainimenti ya Film Studies zatuluka. Mawu 1500, masamba asanu, tulo tamasiku anayi ndinataya. Malikisi 48. Ndemanga ya alekichala ndi mizere iwiri basi: ati ndangofotokoza nkhani ya m'filimu, ndipo palibe mfundo imene ndikuiteteza. Mnzanga wapata 67 koma masamba ake ndi ochepa kuposa anga. Funso linali lakuti tisankhe gawo limodzi la filimu ya kuno kwathu imene tinaonera m'kalasi, tionetse mmene woipanga wagwiritsira ntchito kamera, mawu ndi kadulidwe ka zithunzi poonetsa ubale wa mayi ndi mwana wake. Ine ndinalemba zonse: chifukwa chimene mnyamatayo akufunira kupita ku Joni, umphawi wa pakhomopo, kukana kwa mayi ake, mpaka mathero. Chalakwika n'chiyani? Kapena bambowa akungondida?

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu Boma:
Mwanawe, pepani, koma zoti akukudani zichotseni kaye m'mutu. Mwadziyankha nokha pamene mwati munalemba zonse. Funso silinafune zonse. Linafuna gawo limodzi, ndipo linatchula zida zitatu: kamera, mawu, kadulidwe. Pa zimene mwatiwerengera apazi mulibe ngakhale chimodzi mwa zitatuzo. Umphawi, ulendo wa ku Joni, kukana kwa mayi, imeneyo ndi nkhani, ndipo nkhani yomweyo ikhoza kukhala m'buku, m'sewero la pa wailesi kapena la pa siteji. Alekichala akufuna chimene chikupezeka m'filimu mokha.

Chizolowezichi ana amachitenga ku sekondale. Pa Literature ya MSCE munthu amazolowera kuti akatchula ampangankhani, mikhalidwe yawo ndi mfundo zazikulu, n'kuikapo zitsanzo za zimene zinachitika, wakhoza. Kumeneko wochonga amafuna umboni wakuti bukulo unaliwerengadi. Ku koleji wochonga filimuyo anaionera kambirimbiri, kuposa inuyo. Kumufotokozera mmene inathera kuli ngati kulondolera munthu wa pa Lizulu njira ya kumsika.

Wa kamera pa Lizulu:
Aphunzitsi mwatitchula a pa Lizulu, ndiye tiyankhe.

Chemwali, musanalembe chiganizo chilichonse, gawolo muliphwasule ngati makaniko akamaphwasula injini. Sankhani gawo la mphindi ziwiri kapena zitatu, zikachuluka zinayi. Mawu 1500 sanganyamule mphindi khumi, mudzangoyandama pamwamba. Kenako lembani tebulo la madanga asanu ndi limodzi: nambala ya shoti, nthawi imene yayambira, kukula kwake, pamene kamera yaima ndi mmene ikuyendera, zimene zikumveka, ndi zimene zili m'chithunzimo. Shoti ndiye kuchokera pamene chithunzi chadulidwa kukafika pamene chadulidwanso. Ambiri amasokoneza shoti ndi scene, imene ndi gawo lonse lochitikira malo amodzi pa nthawi imodzi. Scene imodzi imatha kukhala ndi mashoti makumi atatu.

Pa kukula kwa shoti musavutike ndi mayina ambirimbiri. Long shot ndi munthu yense pamodzi ndi malo amene ali. Medium shot ndi kuyambira m'chiuno kupita kumutu. Close-up ndi nkhope, kapena dzanja, kapena chinthu chimodzi chodzaza chithunzi. Atatu amenewa akukwanirani pa essay ya chaka choyamba bola muwatchule molondola.

Gawolo mulionere katatu musanadzaze tebulo. Koyamba bwinobwino. Kachiwiri mutatseka mawu, kuti maso asanamizidwe ndi zimene anthu akulankhula. Kachitatu foni mutaivundikira patebulo, muzingomvetsera. Pa ulendo wachitatuwu ndi pamene mumazindikira kuti galu akuuwa chapatali, kuti nyimbo yasiya mwadzidzidzi, kapena kuti pali masekondi asanu opanda wolankhula.

Mkonzi wa mavidiyo, Dedza:
Ndiwonjezere pa zimene anena achimwenewa. Ngati muli ndi laputopu, tsegulani filimuyo mu VLC, pulogalamu yoonerera mavidiyo. Batani la E limasuntha chithunzi fulemu imodzi imodzi (fulemu ndi chithunzi chimodzi choima mwa zambirimbiri zimene zimapanga filimu), ndiye mumapeza malo enieni amene adula. Shift ndi S pamodzi zimakutengerani chithunzi cha pomwe mwaimitsa. Ctrl ndi T zimakupititsani pa nthawi imene mwalemba. Zithunzi zitatu kapena zinayi muziike kumapeto kwa essay ngati malamulo a asainimenti akulola, chilichonse ndi nthawi yake pansi, monga 00:41:12.

Mukatha kuwerenga mashoti, gawani masekondi a gawolo ndi chiwerengero cha mashoti. Mphindi zitatu ndi masekondi 180. Mashoti akakhala 30, ndiye kuti iliyonse ikutenga pafupifupi masekondi 6. Nambala imeneyi payokha ilibe phindu. Phindu lili pamene yasintha. Ngati theka loyamba mashoti ndi a masekondi 10 koma mnyamata atangotchula za ulendo akufupika n'kukhala a masekondi awiri kapena atatu, mwapeza umboni umene wochonga sangautsutse, chifukwa akhoza kutsegula filimuyo n'kuwerenga yekha.

Mtsikana wa ku Bembeke:
Ndamva achimwene. Koma zimenezi si kufotokozanso komweko? M'malo monena zimene zinachitika ndikhala ndikunena kuti apa close-up, apa long shot.

Mayi wa Literature, Mtakataka:
Funso labwino kwabasi, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera m'dzenje lachiwiri atatuluka m'loyamba. Essay yongondandalika mashoti nayonso imapatsidwa ndemanga yomweyo. Tebulo lija ndi nkhokwe, si chakudya ayi. Mumatapamo zimene mukufuna basi.

Chimene alekichala akuchitcha thesis ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri zimene munthu wanzeru angathe kuzikana. Mukalemba kuti filimuyi ikuonetsa chikondi cha mayi, palibe angakane, ndiye palibenso choteteza. Koma tiyerekeze kuti tebulo lanu laonetsa kuti mayi ndi mwana akuoneka limodzi m'chithunzi chimodzi mpaka pamene mwana watchula ulendo, ndipo kuchokera apo aliyense ali m'shoti yake. Pamenepo mukhoza kunena kuti: m'gawo limeneli wopanga filimu akuwalekanitsa awiriwa ndi kamera ulendo usanayambe n'komwe, kotero kuti woonera amamva kusiyana kwawo ngakhale mawu amene akulankhulana ndi aulemu. Ameneyo ndi mlandu. Tsopano ndime iliyonse ndi mboni.

Ndime ikhale ndi zinthu zinayi, motsatana chonchi. Choyamba mfundo ya ndimeyo. Chachiwiri umboni, ndi nthawi yake yeniyeni m'filimu. Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pali malikisi, mufotokoze chimene chisankho chimenecho chikuchita kwa woonera, ndiponso chimene chikanasintha akanasankha mwina. Chachinayi mubwerere ku thesis ndi chiganizo chimodzi. Mukaona kuti ziganizo zanu zikuyamba ndi "kenako", "atatero", "m'mawa mwake", dziwani kuti mwabwerera kunthano. Ziganizo za kusanthula zimakhala ndi "chifukwa", "zimenezi zikuchititsa kuti", "mosiyana ndi".

Kagawidwe ka mawu 1500: chiyambi 150, mathero 150, thunthu 1200 m'ndime zinayi za 300. Kufotokoza nkhani ya filimu yonse kusapitirire mawu 80, ndipo kukhale m'chiyambi momwemo kuti wowerenga adziwe pamene gawolo lili. Tengani essay yanu ya 48 ija ndi zolembera ziwiri. Chofiira mudule nacho mzere pansi pa chiganizo chilichonse chonena zimene zinachitika, chabuluu pansi pa chilichonse chonena mmene chajambulidwira ndi chifukwa chake. Mudzaona nokha chimene alekichala anaona.

Malume a ku Linthipe:
Nonse mwagwirizana kumudzudzula mwanayu, koma mphunzitsiyo bwanji? Mizere iwiri pa masamba asanu! Makolo akugulitsa matumba a mbatatesi kuti alipire fizi, munthu n'kumalemba mizere iwiri. Ngati zonse mwafotokoza panozi zili zoona, bwanji sanazinene m'kalasi asanapereke ntchitoyo? Fisi akatola fupa sasowa chonamizira.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu Boma:
Amalume, pang'ono muli ndi mfundo. Ndemanga yabwino imaloza malo: ndime yakuti, chiganizo chakuti, apa mukanachita chakuti. Kungolemba kuti mwafotokoza nthano n'kutchula matenda osapereka mankhwala. Ndipo lekichala wochita bwino amapereka rubric, pepala loonetsa zimene adzayang'ana pochonga, pamodzi ndi funso, osati pambuyo pake. Koma tiwerengerenso mbali inayo. Munthu akakhala ndi mapepala 120, lililonse n'kulipatsa mphindi 15, ndi maola 30 a kuchonga kokha, kuphunzitsa kusanawerengedwe. N'chifukwa chake ndemanga zimafupika. Kufupika kwa ndemanga ndi vuto loona, koma sikutanthauza kuti malikisiwo ndi olakwika. Ndi milandu iwiri yosiyana, ndipo mwanayu akaisakaniza aluza yonse.

Malume a ku Linthipe:
Ndiye angokhala chete?

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu Boma:
Ayi, apite, koma apite mwadongosolo. Mwanawe, choyamba tsegulani course outline muone kuti essay imeneyi ikulemera bwanji. Ngati ndi 20 pa 100 ya kosi yonse, kusiyana kwa 48 ndi 60 ndi malikisi 2.4 okha pa zotsatira zomaliza. Muyese ngati nkhondoyo ili yoyenera kuimenya.

Chachiwiri, dikirani masiku awiri mtima uzizire, kenako lembani imelo yaifupi kudzera pa adiresi ya sukulu. Mutchule dzina, nambala yanu, kosi ndi asainimenti. Mupemphe mphindi khumi pa nthawi imene amaonana ndi ophunzira, ndipo munene kuti mukufuna kumvetsa ndemanga yawo kuti ntchito yotsatira ikhale bwino. Mupemphenso rubric ndi mmene malikisi anagawikira pa mbali iliyonse. Za WhatsApp usiku ayi. Za mnzanu wa 67 musazitchule n'komwe: lekichala sangakambe nanu ntchito ya munthu wina, ndipo mukhoza kumuika mnzanuyo m'mavuto.

Pokaonana nawo mutenge essay yodulidwa mizere yofiira ndi yabuluu ija, ndi ndime imodzi imene mwailembanso. Muwafunse kuti, ndime iyi ikanakhala chonchi ikanafika pati? Funso lotere amaliyankha ndi mtima wonse. Funso lakuti munandipatsiranji 48 limangowaumitsa khosi.

Zopempha kuti pepala lichongedwenso ndi munthu wina zimakhala ndi njira yake m'buku la malamulo a ophunzira, ndipo kawirikawiri pamakhala tsiku lomaliza lopemphera. Werengani la pasukulu panu, muonenso ngati pali ndalama yolipira komanso ngati malikisi angathe kutsika m'malo mokwera. Njira imeneyi imathandiza pamene pali cholakwika chooneka: kuphatikiza malikisi molakwa, tsamba losachongedwa, chilango cha kuchedwa pomwe munapereka nthawi yabwino. Pa nkhani ya kusiyana maganizo, wochonga wachiwiri akagwiritsa rubric yomweyo nthawi zambiri amafika pafupi pomwepo.

Wa kamera pa Lizulu:
Tibwerere kukamera pang'ono, pali mawu amene amadyetsa malikisi mwakachetechete. Woyamba ndi zoom. Ophunzira chilichonse choyandikira amati zoom. Zoom ndi pamene kamera yaima malo amodzi, lenzi yokha ndiyo ikukoka chithunzi. Kamera yeniyeniyo ikamayenda kupita kwa munthu, imeneyo ndi dolly kapena tracking shot. Kusiyanitsa kwake yang'anani kumbuyo: kamera ikamayenda, zinthu zapafupi ndi zakutali zimasuntha mosiyana, mtengo umabisa nyumba kenako n'kuionetsa. Pa zoom chithunzi chimangokula chonse pamodzi ngati mukukulitsa foto pa foni ndi zala.

Wachiwiri ndi pan ndi tilt. Pan ndi kamera kucheuka kumanzere kapena kumanja ili pamalo amodzi, tilt ndi kuwerama kapena kuyang'ana kumwamba. Wochonga akaona mwasokoneza awa m'ndime yoyamba amayamba kukayikira zonse zotsatira.

Ndiye pali lamulo la madigiri 180. Anthu awiri akamalankhulana, yerekezani chingwe chochoka kwa wina kupita kwa mnzake. Kamera imakhala mbali imodzi ya chingwecho, kuti mayi akhalebe kumanzere akuyang'ana kumanja, mwana kumanja akuyang'ana kumanzere. Kamera ikadumpha chingwe, awiriwo amaoneka ngati asinthana malo. M'mafilimu a ndalama zochepa nthawi zina zimachitika mwangozi chifukwa chipinda n'chopanikiza. Musathamangire kunena kuti achita dala. Onani ngati zachitika pa mphindi yofunika, komanso ngati zikuchitika paliponse m'filimumo. Zikakhala paliponse, si tanthauzo, ndi kuchepa kwa malo.

Mkonzi wa mavidiyo, Dedza:
Pa kadulidwe, dzina limodzi limene mudzalipeza m'buku lililonse la kosi yanu ndi Lev Kuleshov wa ku Russia. Iye anaonetsa kuti nkhope imodzimodzi, yosasintha, woonera amaimva mosiyana malinga ndi chithunzi chimene yalumikizidwa nacho. Kwa inu phindu lake ndi ili: mukaona close-up ya mayi, musangoti akuoneka wachisoni. Yang'anani shoti imene yabwera patsogolo ndi imene yatsatira. Mwina nkhope yawo sinasinthe n'komwe, chisonicho chachokera pa chikwama chomangidwa chimene tangochiona pakhomo.

Pa mawu musiyanitse amene anthu a m'filimumo akuwamva ndi amene tikumva oonera tokha. Oyambawo amatchedwa diegetic: wailesi ya m'nyumbamo, nkhuku, mphika ukuwira. Enawo ndi non-diegetic: nyimbo yoikidwa pamwamba, kapena wofotokoza wosaoneka. Onaninso ngati mawu a gawo lotsatira akuyamba kumveka chithunzi chisanasinthe, mwachitsanzo injini ya basi kulira tidakali m'nyumba. Pamenepo mkonzi wamutulutsa kale mnyamatayo pakhomo ndi khutu, maso asanaone.

Mayi wa Literature, Mtakataka:
Pali chuma china chimene mwana wa kuno ali nacho koma amachisiya kunja kwa essay poganiza kuti si za sukulu. Ngati filimuyo ili m'Chichewa, mawu achingerezi olembedwa pansi aja amameza zambiri. Iwe ndi inu zonse amazilemba ndi liwu limodzi. Mayi amene wakhala akuti "iwe" kwa mwana wake, n'kusintha mwadzidzidzi kuti "inu, pitani", wamukankhira kutali kapena wamuvomereza kuti wakula, ndipo wowerenga zapansizo sadziwa kanthu. Mulembe mawu a Chichewawo mmene alili, muike kumasulira kwanu, munene kuti mwamasulira nokha, kenako muonetse chimene chatayika.

Chimodzimodzi kakhalidwe. Ndani ali pamphasa, ndani ali pampando? Mwana akuyang'ana pansi polankhula ndi mayi ake? Mabuku ambiri a filimu amati kuyang'ana kumbali ndi kubisa kanthu, pomwe kuno ndi ulemu, ndipo tsiku limene mwana wayang'ana kholo m'maso ndiye pali nkhani. Zonsezi zimalowa mu mise-en-scène, kutanthauza chilichonse choikidwa patsogolo pa kamera: malo, zovala, kuwala, katundu, ndi mmene anthu akhalira. Musangokopera kuti kamera yotsika imatanthauza mphamvu. Yasujiro Ozu wa ku Japan amadziwika ndi kuika kamera pansi, ndipo m'mafilimu ake anthu amakhala pansi m'nyumba zawo. Pakhomo pamene anthu amadyera pamphasa, kamera yotsika ikhoza kungotanthauza kuti takhala nawo limodzi.

Admini:
Amene mukutumiza zotsatsa zolembera anthu ma essay, ndachotsa. Kachiwiri ndikutulutsani.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu Boma:
Mwachita bwino aAdmini. Essay yogula kapena yolembedwa ndi makina imagwidwa msanga pa filimu ya kuno, chifukwa imalankhula za zinthu zimene m'gawomo mulibe ndipo ilibe nthawi zenizeni.

Tizinthu ting'onoting'ono timene timadya malikisi a kalembedwe: zochitika za m'filimu zimalembedwa ngati zikuchitika tsopano, osati kale. Dzina la mpangankhani musalisokoneze ndi la wochita sewero. Mutu wa filimu ulembedwe mopendeketsa, ndi chaka chake pamene mwautchula koyamba. APA ndi MLA ndi njira ziwiri zolembera ndandanda ya mabuku ndi mafilimu amene mwagwiritsa ntchito: pa APA filimu imalowa m'ndandanda ndi dzina la dairekitala, pa MLA kawirikawiri imayamba ndi mutu wa filimuyo. Funsani kuti dipatimenti yanu imafuna iti ndipo musasakanize.

Mtsikana wa ku Bembeke:
Ndachita za zolembera zija. Manyazi andigwira, zabuluu ndi ziganizo zisanu ndi chimodzi basi m'masamba onse asanu. Ndaoneranso gawolo pa foni mawu nditatseka, ndapeza mashoti 22 m'mphindi ziwiri ndi theka. Mayi sakumuyang'ana mwana mpaka shoti ya 19, nthawi yonseyo kamera ili pa manja awo akusenda mbatatesi. Ndayesa thesis iyi: wopanga filimu akugwiritsa ntchito close-up, mawu ndi kadulidwe poonetsa kuti mayi akumva kuwawa. Yakhala bwanji amayi?

Mayi wa Literature, Mtakataka:
Maso atseguka, koma thesis ikadali funso la alekichala lovala malaya ena. Mwangobwereza zida zitatu zija. Chimene mwapeza nokha ndi manja. Mashoti 18 opanda kuyang'anana si nkhani yaing'ono. Yambirani pamenepo: gawoli likuchotsa kuwawa kwa mayi pankhope n'kukuika m'manja ogwira ntchito, kotero kuti pamene akweza maso pa shoti ya 19, kuyang'ana kumodziko kukulemera kuposa mawu onse alankhulidwa. Kenako ndime ya kamera ikambe za manjawo, ya mawu ifufuze ngati mpeni ukumveka ndiponso pamene wasiya kumveka, ya kadulidwe iwerenge kutalika kwa shoti ya 19 poyerekeza ndi zinzake. Ndime yachinayi muisungire wotsutsa: wina anganene kuti kusayang'anako ndi mwambo chabe, osati kuwawa. Mumuyankhe ndi umboni wa m'gawomo.

Mkonzi wa mavidiyo, Dedza:
Masekondi 150 kugawa ndi 22 ndi pafupifupi 6.8. Muyese ya 19 payokha, ikapitirira 12 mwapeza msana wa ndime yanu.

Chenjezo pa nthawi zimene muzilemba: munene kuti mwagwiritsa kope liti. Filimu yojambulidwa pa mafulemu 24 pa sekondi ikaikidwa pa DVD ya PAL, kachitidwe ka TV ka ku Ulaya ndi maiko ena, imathamanga pa 25, ndiye ya maola awiri imatha pa mphindi 115. Makope a pa YouTube ena amakhala odulidwa kumayambiriro. Nthawi yanu ikasiyana ndi ya alekichala ndi mphindi ziwiri, adzatsegula n'kupeza gawo lina, n'kuganiza kuti mwapeka.

Mtsikana wa ku Bembeke:
Yanga ndi imene anatipatsa pa fulashi m'kalasi, ndiye tikhala pamodzi. Laputopu ili kwa achimwene ku boma, ndikaitenga Loweruka ndikamakagula bandulo. Imelo ndilemba Lolemba.

Wa kamera pa Lizulu:
Mukakhala pa laputopu muvale mahedifoni. Sipika ya foni imameza phokoso laling'ono, mpeni uja simungaumve bwino.